Nyongolotsi ya Pansi pa Lilime la Galu wa Ababa

Abambo anga anagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba za azungu ku Area 10 kwa zaka zoposa makumi atatu. Tsiku limene bwana wawo womaliza ankabwerera kwawo, anawasiyira jekete la mvula, mapoto awiri olemera osachita dzimbiri, ndi galu. Jeketelo linawakulira, mapotowo ndinalanda ine tsiku lomwelo, koma galuyo anakhaladi wawo. Anafika naye kwathu ku Kawale pa galimoto ya kuntchito kwa bwanayo, galu ali kumpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, ababa ali kumbuyo atafungatira mapoto. Anthu a mumsewu wathu anaonetsetsa amene anakhala pati, ndipo nkhaniyo inakambidwa pampopi sabata yathunthu.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditabwerera pakhomo pa makolo banja litatha, ndikusoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi mwendo. Amayi anali atatisiya zaka ziwiri m'mbuyomo. Pakhomo tinali awiri, ine ndi ababa, ndipo galuyo anabwera kudzakhala wachitatu, ngakhale kuti pa nkhani ya kadyedwe iyeyo ndiye anali woyamba.

Anali galu wamkulu, waubweya wautali wa mtundu wa tiyi wamkaka, wamakutu ogwa ndi maso aulemu ngati mkulu wa mpingo. Dzina lake linali la kwawo kwa bwanayo, lofuna kupinda lilime kawiri, ndipo ababa okha ndi amene ankatha kulitchula. Enafe tinkangoti galu wa ababa. Anabwera ndi mbale yake, chipeso chake, ndi buku lake la kuchipatala lokhala ndi chithunzi pachikuto, m'kati muli zidindo za katemera wa chiwewe, masiku omwera mankhwala a njoka za m'mimba ndi makilo ake a chaka chilichonse. Khadi langa la kusikelo linadyedwa ndi chiswe ndisanayambe n'komwe sukulu, koma buku la galu ababa analikulunga m'pulasitiki n'kuliika m'sutikesi pamodzi ndi zikalata za puloti. Zinkandiwawa, ndisaname.

Kwathu kuno galu ndi wantchito. Amadya mkute, ndipo mwini wake akakhala wachifundo amamuphikira phala la gaga n'kuwazamo fumbi la bonya. Zotsalazo amakadzipezera yekha kudzala. Masana amatsekeredwa m'kakhola ka malata akale kuti mtima umuwawe, asazolowere nkhope za anthu. Sasamba, salowa m'nyumba, ndipo akadwala timati adya udzu achira yekha. Agalu oterewa amakhala zaka zawo bwinobwino, ouma ngati nkhuni, ndipo palibe amene anawajambulapo chithunzi.

Galu wa ababa sankadziwa zimenezi, ndipo ababa sanafune kuti azidziwe. M'mawa uliwonse ankapita kumsika kukagula makosi ndi mapazi a nkhuku, karoti, nthawi zina kachidutswa ka dzungu. Akabwera ankavala epuloni yawo yoyera ya kuntchito, n'kukoleza kambaula kawo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa. Ankaphika opanda mchere, opanda anyezi, ati anyezi amawononga magazi a galu. Akaphika ankakhala pansi n'kuyamba kuchotsa fupa lililonse ndi zala, ati mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Ine ndinkaseka, chifukwa agalu a ku Kawale ndinawaonapo akudya majumbo ndi nsapato koma osafa. Fungo la mphika umenewo linkadumpha mpanda, ndipo mnansi wathu, mayi wa ku Mangochi wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Chilinde, ankasuzumira n'kufunsa ngati kwathu kwabwera alendo. Ndinkachita manyazi kuyankha kuti ayi, n'za galu.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake ababa ankaphikira kuseri kwa nyumba. Pakhomo pathu iwo sanagwirepo mthiko. Amayi ali moyo ankati kuphika kwa ababa n'kwa kuntchito, pano ndi pakhomo, ndipo mwamuna wolowa m'khitchini mkazi alipo ndiye kuti akutukwana mkaziyo pamaso pa anansi. Lamulo limeneli ndinalilandira pamodzi ndi zitenje za malemu. Sabata yoyamba ababa atapuma ntchito, ndinawapeza m'khitchini mwanga akudula anyezi, mpeni ukuthamanga moti maso anga analephera kuutsata. Ndinawalanda mpeniwo. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti anthu azinena kuti banja langa linatha chifukwa sindidziwa kuphika, poti zonena za ine zinalipo kale zambiri. Iwo anapukuta manja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Kuphikira galu kokha ndi kumene kunalibe lamulo, chifukwa kumeneko anthu sakuwerengera kuti n'kuphika, amati n'kusamala chiweto.

Mlandu wa galuyo unali umodzi: sankauwa. Aliyense wolowa pageti ankamulandira ndi mchira, kaya ndi wogulitsa makala, kaya wowerenga mita ya madzi, kaya wolalikira. Tsiku lina masana ndinapita kumsika waukulu kukagula ulusi, nditayanika pachingwe madiresi a kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu amene ndinali nditangomaliza kusoka. Ababa anali atagona pang'ono m'nyumba. Pobwera ndinapeza chingwe chili mbee, kwatsala mapegi okha. Mayi wa nsomba uja anati anamuona munthuyo bwinobwino, bambo wovala bwino ndithu, akuanula mosapupuluma n'kumapinda diresi lililonse.

"Ine ndimayesa ndi m'bale wanu, achemwali," anatero. "Galu wanu anamuperekeza mpaka pageti, akuchita kumunyambita dzanja."

Madiresiwo ndinasokanso ena, ndipo mawu amene amayi a kwaya anandilankhula sindinawamvepo m'nyimbo zawo. Mtima wanga unadzaza, ndipo mkwiyo wonse ndinauthira pa galu. Alangizi sanasowe. Mumsewu wathu aliyense ndi katswiri wa agalu, ngakhale mayi wa nsomba uja amene chipembedzo chake sichimulola kukhudza galu n'komwe. Wina anati ndimuthirire tsabola wa kambuzi m'chakudya, wina anati chisa cha mavu chosinja, wina ananong'ona za chamba m'phala. Koma onse anagwirizana pa chimodzi: galuyo sanachotsedwe nyongolotsi ya pansi pa lilime. Ati galu aliyense wofooka, wamantha, wosankha zakudya, amakhala nayo, ndipo azungu saidziwa chifukwa m'mabuku awo mulibe. Ikachotsedwa galu amadya chilichonse ndipo amalusa. Mankhwala amodzi ochiza madandaulo anga onse awiri, ndani akanakana?

Ababa ndi amene anakana. Anati galuyo anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti anthu ndi abwino, ndipo si iwo amene angamuuze zoona atakalamba kale. Anati ngati ndikufuna mlonda ndigule loko wa pageti. Nkhaniyo inathera pomwepo kwa iwo, koma kwa ine sinathe.

Patapita milungu ingapo kunagwa maliro kumudzi kwathu ku Dowa, msuweni wa ababa. Ine sindikanatha kupita chifukwa cha mayunifolomu a sukulu amene anali atandiunjikira. Ababa anandilembera malangizo a galu kuseri kwa tsamba la kalendala, mzere ndi mzere, ndi zilembo zawo zoimirira zija: nthawi yodyera, madzi atsopano kawiri pa tsiku, kumufufuza nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Ali pageti ndi kachikwama kawo anatembenuka.

"Ndikukusiyira mnzanga, mwana wanga. Ndidzamupeze mmene ndamusiyira."

Ndinavomera ndi ulemu wonse, manja ali kumbuyo. Minibasi yawo isanafike n'komwe ku Lumbadzi, ine n'kuti nditatumiza kale uthenga kwa dokotala.

Dokotalayo anali bambo wogulitsa ana agalu m'mbali mwa msewu waukulu, mmodzi wa aja amaimika kagalu m'mwamba dzanja ili, kena dzanja ilo, galimoto zikamadutsa. Kwa iye galu aliyense anali Jeremani, mtundu wodula wa agalu apolisi uja, ngakhale wobadwira kuseri kwa chigayo cha ku Biwi. Anabwera ndi kajumbo kakuda muli lezala, phini wamkulu wa thewera ndi mchere wokulunga m'nyuzipepala. Galu wa ababa anamulandira monga ankalandirira aliyense, ndipo anakhala pansi n'kumupatsa dzanja lakutsogolo, monga anamuphunzitsira bwana uja. Dokotala anaseka n'kulilandira. Zimenezi ndi zimene zimandibwerera mpaka lero.

"Mami, galu uyu ndi wabho kwambiri, koma ndi wasofiti," anatero atamusuzumira m'kamwa. "Nyongolotsi ilimo, yaikulu. Tikangoichotsa, ngakhale inuyo muziyamba mwagogoda musanalowe."

Anamupingasa kamtengo m'kamwa n'kukamanga ndi chingwe cha mphira kuseri kwa mutu. Ine ndinagwira miyendo yakumbuyo, ndipo ndinaigwira ndi mphamvu zanga zonse, sindinamizira wina. Dokotala anatukula lilime, anang'amba pansi pake ndi lezala, n'kukola ndi phini. Galuyo sanalume, sanauwe, anangolira kulira kochokera m'mimba kumene ndinali ndisanamvepo. Kenako dokotala anasolola kanthu koyera, kowonda, kotalika ngati chala changa chaching'ono, n'kukagoneka pa nyuzipepala. Kanalidi ngati nyongolotsi. Anansi amene anasonkhana pampanda anagwedeza mitu mokhutira, ndipo ine ndinamva kukoma kwa munthu amene wapambana mtsutso ndi bambo ake. Dokotala anapaka mchere pabala, n'kulamula kuti galuyo atsekeredwe masiku atatu, azidya phala la gaga lokha. Popeza khola tinalibe, ndinamutsekera m'kasitolo ka makala.

Tsiku loyamba sanadye, ndipo ndinati ndi matama a ku Area 10. Tsiku lachiwiri sanamwe madzi. Ankaika mlomo m'mbale, lilime osatuluka, n'kubwerera kukagona pakona. Tsiku lachitatu pansi pa chibwano panali patatupa, dovu losakanikirana ndi magazi likuchucha, ndipo fungo la m'kasitoloko linandibweza pakhomo. Ndinatumiza uthenga kwa dokotala, iye anayankha kuti ndi ukali umene ukukhwima, ndisadandaule. Ndinamutulutsa galuyo n'kumugoneka pamthunzi, ndipo pamenepo mantha anandigwira enieni. Sindinkaopa kukalipiridwa, poti ababa sanali munthu wokalipa. Ndinkaopa kuti abwera n'kupeza kambaula kawo kalibenso womuphikira.

Kumugoneka panja kunali kulakwitsa kwina. Kwathu galu wochucha dovu ali ndi dzina limodzi lokha, wachiwewe. Mbiri inayenda msanga kuposa ya madiresi, ndipo masana a tsiku lachinayi pageti pathu panali abambo asanu, ena ndi zibonga, ena ndi zidutswa za njerwa. Anali omwe aja anandilangiza za tsabola ndi mavu, omwe aja anagwedeza mitu pampanda. Tsopano ankati mumsewu muli ana, galuyo aphedwe asanalume munthu. Ndinawakumbutsa kuti balalo analiona okha likudulidwa, iwo anati agalu awo onse anachotsedwa nyongolotsi koma sanachuche dovu chonchi. Ndinaima pakati pa geti kuwatsekereza, ine yemwe sabata yapitayo ndikanawatsegulira ndi manja awiri.

Ababa anatipeza choncho, fumbi la ku Dowa lili m'nsapato. Anamvetsera abambowo mpaka anamaliza, kenako anapempha njira, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku lija. Analivula pulasitiki mosathamanga, n'kutsegula tsamba la katemera wa chiwewe, n'kumuonetsa aliyense payekhapayekha chidindo cha chaka chomwecho ndi siginecha ya dokotala weniweni. Anthu akwathu akhoza kutsutsa maso awo, koma chidindo sachitsutsa. Njerwa zinayamba kugwa pansi imodziimodzi, wina anati iye anangobwera kudzaona, ndipo posakhalitsa pageti panatsala ine ndekha.

Ababa anagwada pafupi ndi galuyo n'kumutchula dzina lake lovuta lija. Mchira unagunda pansi kamodzi. Anamutsegula kukamwa pang'onopang'ono, anayang'ana pansi pa lilime, kenako anandiyang'ana ine. Ndikanakonda akanandimenya. Anangoti ndikafune galimoto.

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, mwini kapikapu konyamula mchenga, anatimvera chisoni. Ulendo uno galu anakwera kumbuyo, ababa atamupakata mutu pamiyendo, jekete la mvula lija litayalidwa pansi. Kuchipatala cha ziweto tinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine, ndipo atangoona balalo sanafunse kuti chachitika n'chiyani, anafunsa kuti wachita ndani. Ababa anangosisita mutu wa galuyo. Ndinati ndine, ndipo ndinawonjeza, ngati munthu wofuna kuchepetseredwa mlandu, kuti nyongolotsiyo inalimodi, ndinaiona ndi maso anga.

Dokotalayo sanandiseke. Anatuluka n'kubwera ndi kagalu kakang'ono ka munthu wina, kathanzi, n'kukatukula lilime kuti ndione. Kamzere koyera kaja kanali pomwepo.

"Amayi, galu aliyense amabadwa nako. Si nyongolotsi, ndi chiwalo cha lilime lake, chimalilimbitsa akamamwa madzi. Mukang'amba galu aliyense mukapeza."

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake dokotala wa pamsewu uja anali asanalakwitsepo matenda chiyambire ntchito yake. Wakuchipatalayo anatsuka bala, anafinya mafinya, anabaya jakisoni, anamuika madzi a m'botolo, n'kutipatsa mapilitsi ndi sirinji yopanda singano. Anati azipatsidwa zamadzimadzi zokha, pang'onopang'ono, chakumbali kwa kamwa. Ananena mosabisa kuti galuyo ndi wamkulu msinkhu, ndipo akapanda kuyamba kumeza payekha m'masiku awiri, tisayembekezere zambiri.

M'mawa mwake kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, ndipo kuseri kwa nyumba kumene kunali kambaula ka ababa kunasanduka ngalande. Ndili m'khitchini ndinamva kukhosomola. Ababa anali ataima pakhomo, epuloni atavala, m'manja muli kajumbo ka makosi a nkhuku, madzi akutsika m'mutu mwawo mwa imvi.

"Ndingalowe?"

Nyumbayo anamanga okha, njerwa ndi njerwa, ndi malipiro a ukhukhi womwewo. Ndinangosuntha n'kukakhala pa ndowa yovundikira pakona.

Aka kanali koyamba kuwaona akuphika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anatsuka makosiwo kawiri, anawaika m'madzi ozizira osati owira monga ndimachitira ine, ndipo anachepetsa makala mpaka mphika unkangonong'ona. Thovu likakwera ankaliwaula ndi supuni, osatopa. Karoti anamudula tizidutswa tofanana ngati wachita kuyeza. Sanafunse kuti chakuti chili pati, dzanja linkangopita pamene chinthucho chinayenera kukhala, ndipo likachisowa ndinkachita manyazi ndine. Patapita maola awiri anasefa msuziwo pa kansalu koyera, ndipo unatuluka woyera mbee, wooneka pansi pa mbale.

Tsiku limenelo msuzi wambiri unathera pa epuloni. Ababa ankathira ndi sirinji, galu ankausiya utuluke mbali inayo, iwo n'kupukuta, n'kuyambiranso, akumulankhula Chingerezi cha kukhitchini chimene ankalankhula ndi mabwana awo. Makina anga sindinawakhudze. Tsiku lachiwiri anaphikanso wina watsopano, ati wadzulo sapatsa wodwala. Chakumasana, ndikusesa pakhonde popanda chosesa, ndinamva kaphokoso kakang'ono, chapu, chapu. Galuyo anali atadzutsa mutu, akunyambita yekha m'mbale, lilime likupita chammbali, theka la msuzi likugwera pansi. Ababa anakhala pansi pasimenti n'kuvula magalasi, ndipo anawapukuta nthawi yaitali.

Atabwerera m'khitchini kukatsuka ziwiya ndinawatsatira, ndikufuna kupepesa, koma sanandipatse mpata. Iwo anayang'ana mumphika, n'kuona kuti msuzi watsala. Anati ngati sindikunyansidwa ndi za galu, ndithire kamchere ndimwe, poti anaona kuti chiyambire dzulo sindinaike kanthu m'kamwa. Ndinathira m'kapu n'kumwa chiimire.

Sindidziwa kufotokoza zakudya, ndine telala. Ndingoti makosi omwewo ndakhala ndikuphika moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti muli zimenezo. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Azungu a mayiko osiyanasiyana anadya za manja amenewa zaka makumi atatu, alendo awo anadya, galu anadya, ndipo ine mwana wawo woyamba ndinadzalawa zotsala za galu, nditachita kumuvulaza kaye. Misozi inagwera m'kapu momwemo, ndipo ndinawauza kuti sindinkadziwa.

"Amayi akonso anapita osalawako," anatero ababa, akupukuta mphika. "Ndinkati ndikadzapuma ntchito ndidzawaphikira."

Galuyo anachira, ngakhale lilime linatsala lokhota ndipo mpaka ukalamba wake ankamwaza madzi pakhonde ponse akamamwa. Kuuwa sanayambe. Pageti tinagula loko. Dokotala wa pamsewu akadalipo, akuimikabe Majeremani ake m'mwamba, ndipo ndikamadutsa pa minibasi ndimayang'ana kumbali.

Mapoto awiri aja ndinawatsitsa pamwamba pa kabati, pamene ndinkawasungira alendo amene sankabwera, n'kuwabwezera mwini wake. Lamlungu lotsatira tikuweruka kutchalitchi ababa analunjika kukhitchini, ine ndinakhala pakhonde manja ali pamiyendo, poonekera aliyense wodutsa. Fungo linadumpha mpanda, ndipo mayi wa nsomba uja anasuzumira monga mwa masiku onse, n'kufunsa ngati n'za galu kapena kwabwera alendo.

Ndinayankha mokweza, kuti ndi a pampopi omwe amve: "N'zathu. Akuphika ndi ababa."